Kulira kwa Khanda m'Nyumba ya a Kanjobvu

Amene anayamba kumva anali Abiti Shafi, mwini nyumba, ndipo anamva chifukwa cha kutentha. Mwezi wa Okutobala ku Nkopola munthu wanzeru sagona m'nyumba ya malata, choncho mayi wamasiyeyu anali atayala mkeka pakhonde, mutu uli pafupi ndi khoma la nyumba imene ankachititsa lendi. Magetsi anali atazima kuyambira madzulo. Kunyanja kunkamveka injini imodzi ya boti la asodzi a usipa, kutali kwambiri, ndipo itazima kunangotsala udzudzu wokha. Pakati pa bata limenelo, khanda linalira.

Linalira katatu, kulira kopyapyala kwa mwana wongobadwa kumene, kokhala ngati mpweya ukumuperewera pakati, kenaka linasiya mwadzidzidzi ngati wina waligwira pakamwa. Abiti Shafi anadzuka n'kukhala tsonga. Mumpanda wonsewo munalibe mwana wamng'ono. Kulirako kunachokera kuseri kwa khoma, m'nyumba ya aphunzitsi a Edward Kanjobvu ndi akazi awo a Doris, anthu amene anali atakhala m'banja zaka zisanu ndi zinayi koma thewera silinayanikidwepo pachingwe chawo.

Kutacha Abiti Shafi anakumana ndi Doris pampopi.

"Mwadzuka bwanji, amayi aphunzitsi? Kodi mwalandira alendo?"

"Ayi, amama, tili awiriwiri. Bwanji?"

"Ndimayesa kwabwera mlendo wa mwana. Usiku ndamva kakhanda."

Doris anangoyang'ana ndowa yake mpaka madzi anasefukira.

"Nanenso ndinakamva," anatero motsitsa mawu.

A Kanjobvu anali ochokera ku Ntcheu, mphunzitsi wa jogalafe pasukulu ina ya sekondale, munthu wovala malaya ositasita ngakhale Loweruka, woyenda ngati wasenza mazira pamutu. Kutchalitchi ankawerenga mawu. Ulemu wawo ankausamala kuposa thanzi lawo, ndipo pamenepo ndi pamene panagona nkhani yonseyi. Doris, mwana wa ku Dedza, anali telala. Makina ake ankakhala pakhonde, ndipo theka la timadiresi ta ana a m'dera limenelo tinadutsa m'manja mwake. Za kusowa mphatso m'banjamo, abale a mwamuna anali ataweruza kale kuti vuto ndi mkazi. Doris anamwa mizu yowawa ya mtundu uliwonse, anasala kudya, anakwera mapiri ndi amayi a mapemphero, ndipo mwamuna wake ankangomuuza kuti Mulungu ali ndi nthawi yake.

Tsiku limenelo Doris atawafotokozera za usiku, a Kanjobvu anaseka.

"Amphaka amenewo. Akamafunana amalira ngati ana."

Usiku wachiwiri sanaseke. Anadzidzimuka Doris atawagwira mkono mwamphamvu, zikhadabo zikulowa m'khungu.

"Bambo, tamverani," ananong'ona.

Mdima unali wandiweyani, wotentha, wonunkha mankhwala a udzudzu. Kulirako kunali m'nyumba momwemo, pabalaza, kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, ndipo sikunali kwa mphaka. Kunkamveka mobanika ngati mwanayo wakulungidwa m'bulangete n'kuikidwa m'bokosi. A Kanjobvu anamva tsitsi likuwanyerenyetsa. Anapapasa foni, nayatsa tochi, koma pamene ankatsegula chitseko n'kuti kuli zii. Pabalaza panali mipando, tebulo, kabati ya mabuku, kalendala ya tchalitchi pakhoma. Foni inkasonyeza kuti nthawi ndi 2:40.

Usiku wachitatu anaganiza zodikirira. Anakhala pampando wa pabalaza, Baibulo pamwendo, mpini wa khasu pambali, poti mwamuna sadziwa chimene chimugwirire ntchito pa ziwirizi. Anamva agalu akuuwa kumsewu wa ku Monkey Bay. Anamva malata akuthetheka pozizira, buluzi akuthamanga pamtanda wa denga, wotchi ya pakhoma ikugunda ngati ikuwerenga machimo a munthu. Itangokwana 2:40, m'kabati munayamba kaphokoso kofewa, kopemerera, ndipo pampata wa chitseko chake panaoneka kamzere ka kuwala kobiriwira. Kenaka khanda linalira.

Anadzuka, nasendera pafupi. Anatsegula kabati. Kuwalako kunkachokera m'chikwama chawo cha kusukulu, chimene zipi yake inali yosatseka bwino. Laputopu yawo inali yofunda ngati chinthu chamoyo. Ataitsegula anapeza bulawuza, pulogalamu yolowera pa intaneti ija, itadzitsegula yokha, ndipo patsamba panali chithunzi cha mwana wakhanda atayasama, pamwamba pake pali zilembo zikuluzikulu za Chingerezi zolonjeza mankhwala kwa abambo osabereka. Pansi pa zilembozo tsambalo linkawapatsa moni, powatchula dzina lawo lonse ndi zaka zawo.

Mantha anatha nthawi yomweyo, koma chimene chinalowa m'malo mwake chinali choposa mantha.

Zaka ziwiri m'mbuyomo, atapita ku Zomba kukachonga mayeso, a Kanjobvu analowa m'chipatala china okha, osauza munthu. Dokotala anawauza mosapita m'mbali kuti mbewu zawo ndi zochepa komanso zofooka, ndipo anawalangiza kuti abwerenso ndi akazi awo. Pepala la zotsatira analipinda n'kulibisa m'buku lawo lalikulu la mapu, pakati pa tsamba la Asia, kumene ankadziwa kuti Doris sadzafikako. Ndiye masabata atatu apitawo, ali okha mu ofesi ya aphunzitsi, anafufuza pa intaneti ngati kuli mankhwala. Tsamba lina linawalonjeza zonse. Linapempha dzina, analemba. Linapempha zaka, analemba. Linati atsitse kapulogalamu kolankhulirana ndi dokotala, anatsitsa, ndipo chilichonse chimene chinawafunsa chilolezo anavomera mofulumira, maso ali kuchitseko kuopa kuti wina angalowe. Dokotalayo sanaoneke. Chimene chinaoneka ndi ichi.

"Mwapeza chiyani, bambo?" Doris anafunsa chonong'ona ali kuchipinda.

A Kanjobvu anatseka laputopu.

"Palibe. Gona."

Mawu awiri amenewo akanatha kukhala ena, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Koma manyazi ndi chilombo chopusitsa munthu, amamuuza kuti mawa zikonzeka popanda wina kudziwa.

M'mawa, nthawi imene analibe kalasi, anadzitsekera m'chipinda chosungira mabuku. Choyamba anafufuta mndandanda wa masamba onse amene anawatsegulapo, ngati munthu wosesa pakhomo njoka ili pansi pa bedi. Bulawuza inali itasinthiratu khalidwe. Tsamba loyambira silinali limene analizolowera. Akalemba zofufuza za mitsinje ya ku Africa, inkawatengera kumalo ogulitsa makapisozi, ndipo m'ngodya ya sikirini munkatumphuka timauthenga ta zithunzi zoti mkulu wowerenga mawu kutchalitchi sangazitchule. Analowa m'mbali ya zowonjezera za bulawuza, napezamo kanthu ka dzina lachilendo kamene sanakaikemo, koma batani lokachotsera linali lotuwa, losadinika. Anapita pamndandanda wa mapulogalamu, napeza ka dokotala kaja, nakalamula kuti kachoke. Kanafunsa ngati atsimikizadi. Anatsimikiza. Kanathokoza mwaulemu, n'kunena kuti kachoka. Atazimitsa ndi kuyatsanso laputopu, anakapeza kali pomwepo, katangosintha dzina.

Anabwezeretsa bulawuza mmene inalili ili yatsopano. Zinabwerera. Anaichotseratu, naika ina ndi bandulo ya foni yawo, nalowetsa imelo yawo kuti apezenso masamba a kusukulu, ndipo mphindi zisanu zisanathe, kanthu kachilendo kaja kanali katakhalamo kale ngati mwini nyumba. Antivayirasi yawo inali itatha ntchito chaka chatha, inkangowapempha kuti aikonzenso.

Mphunzitsi mnzawo atawaona akutuluka thukuta lili kamukamu, laputopu kukhwapa, anati, "Achimwene, ngati yavuta pitani nayo kwa Shakila kuboma. Mkazi uja makompyuta amamumvera."

"Ayi, ndi kavuto kakang'ono," anayankha a Kanjobvu.

Shakila anali wophunzira wawo wakale, amene anamuphunzitsa jogalafe zaka khumi zapitazo. Kuti iyeyo aone tsamba lija, dzina lawo lili pamwamba, kunali bwino kumira m'nyanja.

Madzulo anaganiza njira yapafupi, yoti aziizimitsiratu m'malo mongoitseka monga ankachitira masiku onse. Anadina pozimitsira, ndipo atamva Doris akubwera ndi madzi osamba m'manja, anatseka chivindikiro msangamsanga n'kuiponya m'kabati. Sanaone uthenga umene unabwera pambuyo pake, wonena kuti pulogalamu ina ikukaniza kuzima. Laputopu sinazime, inangogona. Usiku umenewo khanda linaliranso, ndipo ulendo uno panja pa zenera panali anthu asanu ndi mmodzi amene Abiti Shafi anawaitana kuti adzakhale mboni.

Kuyambira pamenepo nkhani inamera mapiko. Ena ankati Doris anachotsa mimba ali pasukulu, ndiye mwanayo wabwera kudzafunsa chifukwa chake. Ena ankati ayi, ndi ndondocha imene amaisunga m'kabati kuti imukokere makasitomala, nanga telala wanji wosasowa ntchito ngakhale mwezi wa Januwale? Kumsika wa nsomba ankati ndi majini a m'nyanja, ndipo ena analumbira kuti anamuona Doris m'bandakucha ataima m'madzi ofika m'mawondo. Amayi anayamba kubwera kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe. Mtsikana wina woyembekezera, amene Doris ankamusokera zovala za mwana, atamuona panjira anakhotera m'munda wa chinangwa. A Kanjobvu zonsezi ankazimva, koma zimene ankadziwa sanaulule.

Lachitatu anasiya laputopu kusukulu, atakiyira m'kabati ya mu ofesi ya aphunzitsi, ndipo usiku umenewo kunyumba kunali bata. Anagona tulo tabwino koyamba. Koma choipa chitsata mwini. M'mawa anapeza aphunzitsi ataunjikana pansi pa mtengo wa mango, atazungulira a Joaquim, mlonda wa sukulu, bambo wachikulire amene anabwera kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo ndipo sankadziwika ndi mantha.

"Ine nkhondo ndinaiona ndi maso anga," ankatero a Joaquim, chipewa chili m'manja, "koma mwana kulira mu ofesi yokiya, makiyi ali m'thumba mwanga, zimenezo sindinazione. Ndaunika pazenera, mulibe munthu. Kabati yokha ikuwala pansi."

Onse anatembenukira kwa a Kanjobvu. Pofika masana kufotokoza kunali kutapezeka kale, kuti mwana uja wathawa mayi wake woipa mtima, watsatira bambo kuntchito kukadandaula.

Lachinayi kunafika a Fortunate, achemwali awo aakulu a a Kanjobvu, amene wina anawaimbira foni ku Ntcheu. Anatsika minibasi ndi kachikwama kamodzi ndi nkhope ya munthu amene wakhala akudikira tsiku limeneli kwa zaka zisanu ndi zinayi. Anakhala pakhonde ndi Abiti Shafi, makina osokera ali pambali atafundidwa chitenje.

"Aphunzitsi, ine ndilibe nanu chifukwa," anatero Abiti Shafi. "Koma walahi, mumpanda muno simukugonekanso. Loweruka ndiitana sing'anga adzafufuze nyumbayi. Mukakana, mundipatse makiyi anga."

"Palibe chofufuza apa, amama," anatero a Fortunate. "Achimwene, tinakuuzani kalekale. Alamuwa apite kwawo akakonze zimene anasiya kumeneko. Inu magazi athu ndi obereka, ine ndili ndi asanu."

Doris anali atakhala pansi pafupi ndi chitseko, maso ali pa zala zake. A Kanjobvu anatsegula pakamwa, nangoti, "Tikambirana."

Usiku umenewo laputopu anaibisa m'chimbudzi chakale cha kuseri kwa sukulu, ataikulunga m'thumba la feteleza, mphunzitsi wathunthu kuchita zinthu ngati wakuba nkhuku. Atabwerera anapeza Doris akupinda zovala zake n'kumaika m'chikwama chachikulu chimene anabwera nacho pa ukwati. Kandulo inali pansi, ndipo chithunzithunzi chake chinkagwedezeka pakhoma.

"Ukutani?" anafunsa monong'ona, poti achemwali awo anali atagona pabalaza.

"Loweruka lisandipeze pano. Sindikufuna munthu adzagwire zovala zanga zam'kati pamaso pa anthu." Anapinda chitenje china mosamala. "Bambo, ine mimba sindinachotsepo, Mulungu akudziwa. Koma mwina pali chimene ndinalakwa osadziwa. Ngati ndine, ndisiyeni ndipite, inu mupeze wokuberekerani."

"Usamve za anthu, Doris."

"Mukudziwa chimene chikundiopsa? Si kulira kuja ayi. N'choti ine sindikuopa. Akamalira ndimafuna nditadzuka ndikamunyamule. Usiku wa dzulo sanalire, ndipo ndinamusowa."

A Kanjobvu sanagone. Anachita manyazi amene sanawamvepo chibadwire, manyazi otentha kuyambira kumaso mpaka kumapazi, ndipo anadziona mmene analili, munthu wamantha wobisala kumbuyo kwa mkazi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kutacha Lachisanu anakatenga thumba lija n'kukwera minibasi ya kuboma.

Shopu ya Shakila inali kachipinda kopanikizika pafupi ndi msika wa Mangochi, kodzaza mafoni ong'ambika ndi fungo la waya wopsa. Iye anali mayi wa ana awiri tsopano, wovala mpango wakuda ndi magalasi. Ataona amene walowa anaimirira, nawalonjera monga ankachitira ali pasukulu.

"Sala! Takulandirani. Khalani apa."

"Yangovuta pang'ono bulawuza," anatero a Kanjobvu, osamuyang'ana. "Mwina ana a sukulu anaigwira."

Shakila anaiyatsa. Sipanapite nthawi, timauthenga tija tinayamba kutumphuka, kenaka tsamba lija linadzitsegula, dzina lili pamwamba. Anawerenga, ndipo nkhope yake sinasinthe ngakhale pang'ono. A Kanjobvu akanakonda akanaseka.

"Mwayesapo chiyani, sala?"

Anamufotokozera zonse. Shakila ankagwedeza mutu, zala zikuyenda.

"Munkadula masamba, muzu uli pansi. Taonani apa." Anatsegula malo amene a Kanjobvu sanawaonepo. "Kompyuta ili ndi ndandanda yake ya ntchito zoti izichita yokha. Kapulogalamu kanu kanalembamo ntchito ziwiri. Yoyamba, mukakachotsa kadzibwezeretse. Yachiwiri, tsiku lililonse 2:40 usiku kadzutse laputopu ngakhale ili yotseka, katsegule tsamba ili. Kwa anthu amene anakapanga, nthawi imeneyo mwina ndi masana. Tsambalo ndi mawu ake kanasunga m'kati momwemu, sikafuna bandulo. Batani lija linatuwa chifukwa kananamiza bulawuza kuti laputopuyi ili ndi bwana wina woilamulira. Ndipo mutaika bulawuza yatsopano n'kulowetsa imelo, munakaitananso nokha, poti imelo imakumbukira zonse zimene munali nazo."

Anadina kafayilo kena, ndipo khanda linalira m'shopumo dzuwa likuswa mtengo. Analitseka msanga. Kenaka anavula magalasi.

"Sala, azakhali anga amakhala ku Nkopola. Nkhani ya amayi ndinaimva Lachiwiri." Anaika magalasiwo patebulo. "Kuchotsa ndi ola limodzi. Koma ndikachotsa lero, mwana uja asiya kulira tsiku lomwe amayi akunyamuka. Mukudziwa zimene anthu adzanene."

A Kanjobvu ankadziwa. Adzati mfiti yapita ndi mwana wake.

"Ndiye ndichotse pano, kapena ndichotse anthu atamva ndi makutu awo? Laputopu ndi yanu."

Panja wogulitsa madzi ozizira anadutsa akuitanira malonda, nabwereranso, a Kanjobvu asanayankhe.

"Ubwere madzulo," anatero.

Usiku wa Lachisanu pabalaza pa a Kanjobvu panakhala anthu asanu ndi mmodzi. Panali Abiti Shafi ndi tasibihi yawo m'manja, a Fortunate atapinda manja pachifuwa, a Joaquim pafupi ndi chitseko kuti zikavuta asavutike potuluka, Shakila, Doris, ndi a Kanjobvu eni ake. Ena anali panja pa zenera. Laputopu inali patebulo, yotseka, kandulo ili pambali pake. A Kanjobvu anangowauza kuti adikire 2:40.

Maola amenewo anali aatali. Nkhani zinatha cha m'ma 11, ndipo kunatsala kulira kwa mikanda ya tasibihi ikugundana, ndi mafunde ang'onoang'ono amene masana samveka n'komwe. Kandulo yoyamba inatha, anayatsa ina. Mphepo yotentha inkalowa pansi pa chitseko n'kumagwedeza lawi, moti nkhope za anthu zinkaoneka ngati zikusuntha eni ake ali phee. A Fortunate anasinza, nadzidzimuka, nayang'ana wotchi. Itatsala mphindi imodzi, panalibe amene ankapuma bwino.

Kaphokoso kopemerera kanayamba. Kuwala kobiriwira kunatuluka m'mbali mwa chivindikiro, n'kuyala patebulo. Khanda linalira.

Abiti Shafi anafuula dzina la Mulungu. A Joaquim anali atagwira kale chitseko. Doris yekha ndi amene anaweramira kutsogolo, manja ake atatambasuka pang'ono asanazindikire n'kuwabweza. Shakila anatsegula laputopu n'kuitembenuzira kwa anthu, kuti aone chithunzi cha mwana ndi kumva kulira kukutuluka m'timabowo ta sipika. Anakuletsa, nakuyambitsanso, nakuletsanso.

"Ndi vayirasi, amama," anauza Abiti Shafi. "Ndi malonda chabe. Mulibe jini muno."

Panja wina anaseka, kuseka kwa munthu amene mantha amuchoka. A Fortunate anasendera pafupi, nawerenga zilembo zija pang'onopang'ono, milomo ikuyenda.

"Ndiye kuti alamu ndi amene amaseweretsa makina a achimwene, kufunafuna mankhwala mpaka kuitana zinthu zimenezi. Mpaka kulembapo dzina la mwamuna wawo, kuti manyazi agwere iwo!"

Shakila anayang'ana aphunzitsi ake akale. "Zinthuzi nthawi zina zimalowa zokha," anatero mofatsa. Anali atawatsegulira khomo lothawira, ndipo aliyense akanakhulupirira.

A Kanjobvu anaimirira. Anapita pakabati, natulutsa buku la mapu, natsegula pa Asia. Pepala lija linali litayamba kufiira m'mopinda.

"Sizinalowe zokha, achemwali. Ndinaziika ndine, dzinalo ndinalemba ndine. Pepala ili ndi la kuchipatala, la zaka ziwiri zapitazo. Wosabereka m'nyumba muno ndine." Anatambasula dzanja, kupereka pepalalo kwa a Fortunate. "Ndipo kuti kulirako kukuchokera umu ndinadziwa usiku wachitatu. Ndinakhala chete."

Panja mapazi anayamba kuchoka mmodzimmodzi, mwakachetechete, ngati anthu ochoka pamaliro. A Fortunate analandira pepalalo, naliyang'ana nthawi yaitali kuposa imene likanatenga kuwerenga, nalibweza patebulo osakweza maso. Abiti Shafi anadzuka movutikira, nakagwada pamaso pa Doris.

"Mwanangu, pakamwa pangapa pandichimwitsa. Undikhululukire."

Doris anawagwira dzanja n'kuwadzutsa. Mwamuna wake sanamuyang'ane.

Shakila anagwira ntchito yake pomwepo. Anayatsa laputopu m'njira imene imadzutsa zofunikira zokha, kuti kapulogalamu kaja kakhale kali m'tulo. Anafufuta ntchito ziwiri zija pa ndandanda, nachotsa lamulo labodza limene linatuwitsa batani, nasakasaka foda imene kanabisalamo pansi pa dzina looneka ngati la kompyuta yeniyeni. Anayeretsa zimene imelo inkakumbukira, nasintha pasiwedi, naika antivayirasi yatsopano kuchokera pa fulashi yake. Pamene kumzikiti ankaitanira mapemphero a m'bandakucha, anaizimitsa ndi kuiyatsa katatu, ndipo bulawuza inatseguka yoyera ngati sinalakwepo.

"Yatha, sala. Ulendo wina mukamazimitsa muzidikira sikirini ide kaye."

Loweruka sing'anga sanabwere. A Fortunate anakwera minibasi yoyamba. Masana amayi awiri anabweretsanso nsalu zawo, akuseka mopitirira muyeso ndi kufunsa za moyo, ndipo Doris anazilandira mwaulemu n'kuziika pamakina osavundukula. A Kanjobvu sanatuluke m'nyumba. Ankadziwa kuti pofika Lolemba ana a fomu 2 adzakhala atawapeka kale dzina, ndipo anadabwa kuona kuti zimenezo sizinkawawawa kwambiri. Chimene chinkawawawa chinali chikwama chachikulu chija. Chinali pafupi ndi chitseko cha kuchipinda, chotseka, Doris sanachinyamule komanso sanachimasule.

Usiku anadzidzimuka okha, popanda chowadzutsa. Anapapasa pambali, napeza pabedi palibe munthu. Foni inkati 2:38. Anatuluka mwakachetechete.

Doris anali atakhala pansi pabalaza mumdima, atayang'ana kabati, chitenje chopinda chili pamiyendo. Anakhala choncho onse awiri, wina pansi wina chiimire, mpaka wotchi ya pakhoma inadutsa mphindi ija. M'kabati munali mdima. Munalibe kupemerera, munalibe kuwala, ndipo bata lake linali lolemera moti a Kanjobvu anayamba kumva ngati kulira kuja kukadalipo penapake, kutali, m'kati mwa makutu awo.

"Doris," ananong'ona, "chinachotsedwa chija. Sichiliranso."

"Ndikudziwa."

"Ndinalakwa. Ndinachita manyazi, ndiye..."

"Bambo," anawadula mosakweza mawu, osatembenuka. "Zaka ziwiri zimenezi ine ndalira m'nyumba muno kangati, inu muli pambali panga, pepala lili m'kabati umu? Simunadzukepo. Makina analira masiku atatu okha, munadzuka ndi mpini wa khasu."

Doris anaimirira, nafunyulula chitenje chija, nachipindanso bwinobwino. Anawadutsa n'kulowa kuchipinda, ndipo iwo anatsala pabalaza atatchera khutu. Mumdimamo anamva zipi ya chikwama ikutseguka pang'onopang'ono, koma sanathe kudziwa ngati mkazi wawo akutulutsamo zovala kapena akuikamo chomaliza.